Kapu ya pa Manda a Hosea

Philadelphia
9 Seputembala 1974

Achimwene Cleophus,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi. Ine ndili bwino, kungoti miyendo ikutupa ndi kuimirira tsiku lonse kochapira zovala kuchipatala kuno.

Moni wathera pomwepa, chifukwa mwandipsetsa mtima. Nkhani ya chipilala ndaimva kwa a Eulalie Grant a kwaya ya kwathuko, osati kwa inu mchimwene wanga wa bere limodzi. Akuti ku Marlow akuchotsa chikwangwani chakale cha pakhoti chija, cha mayina a azungu okhaokha amene anafera kunkhondo, ndipo akumanga chipilala cha mwala choti chidzatsegulidwe mu Meyi. Ulendo uno akuti alembapo aliyense, woyera ndi wakuda yemwe. Wosema ayamba ntchito pa 1 Malichi. Inu mumapita ku Marlow Lachitatu lililonse kukagulitsa nkhanu, ndiye musandiuze kuti simunamve.

Achimwene athu a Hosea atha zaka makumi atatu opanda dzina pakhoti paja, ngati ku Italy anangopita kukaona malo. Amayi ali ndi zaka 77. Ndikufuna aone dzina la mwana wawo pamwala asanatseke maso.

Chitani ziwiri. Pitani kwa a Boatwright, poti ndiwo apampando a komiti ya chipilalacho, mukalembetse dzinalo. Kenaka mufufuze kalata ija imene mzungu wina wa kunkhondo analembera Amayi mu 1945, yofotokoza mmene a Hosea anafera. Ine ndinali kamtsikana pamene inkawerengedwa m'tchalitchi, dzina la mwini wake linandithawa kalekale.

Munditumizireko mbewu za therere. Ndipo muyankhe mwezi uno, osati pa Khirisimasi.

Mlongo wanu,
Odessa


Chilumba cha Tansy, South Carolina
6 Okutobala 1974

Odessa,

Kalata yako inafika, ndipo inandiwotcha zala ndisanaitsegule n'komwe. Kuno tili bwino. Amayi maondo amawavuta kukazizira, koma pakamwa pali bwinobwino. Nkhanu chaka chino zachepa, injini ya boti nayo ikutsokomola.

Kwa a Boatwright ndinapita. Anandiimika pakhomo la ofesi yawo ya padoko ola lathunthu, kenaka anatulutsa buku la boma n'kundiloza mzere wa a Hosea. Palembedwa kuti anali woyendetsa lole ndipo anafa ndi moto pangozi. Iwo akuti chipilala ndi cha amene anagwa akumenya nkhondo, osati aliyense amene anagubuduza galimoto. Ndinawauza zimene tonse timadziwa, kuti bomba la adani linayatsa lole yodzaza zipolopolo pafupi ndi matenti a ovulala, ndipo a Hosea analumphiramo ikuyaka n'kuithamangitsira kutali ndi anthu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu ndithu. Ndiye anati, "Cleophus, nkhani yokoma chonchi banja lililonse lili nayo yake. Ndibweretsere mboni."

Kalata ya mzunguyo usaifunenso. Inapita ndi namondwe wa 1959 pamodzi ndi denga, Baibulo ndi nkhuku. Amayi dzina lake salidziwa, amangoti mzungu wa kapu.

Ine ndikuti tizisiye. A Hosea agona bwinobwino kuseri kwa tchalitchi, ndipo aliyense pachilumba pano amadziwa zimene anachita. Mwala wa azungu suwawonjezera kanthu.

Therere ndakulunga m'kapepalako, usalitaye poganiza kuti ndi zinyalala.

Ndine,
Cleophus


Philadelphia
15 Okutobala 1974

Achimwene,

Therere lafika, zikomo. Amayi muwapake mafuta aja m'maondo.

"Tizisiye." Mawu amenewa ndawawerenga katatu kuti mwina maso akundinamiza. Aliyense pachilumba amadziwa, inde, koma pachilumbapo patsala anthu angati? Achinyamata onse ali kuno ndi ku New York. Pakatha zaka khumi odziwa adzakhala nkhanu zanuzo.

Mwaiwala zimene a Hosea ankalemba ali ku kampu? Pasitima ankawakhazika ngolo yawoyawo. Pamalo odyera ankalandirira mbale kuseri kwa khitchini, pamene akaidi a ku Germany, adani enieniwo, akudya mkati patebulo. Anawapatsa lole m'malo mwa mfuti, ati munthu wakuda ndi wamantha. Munthu yemweyo analowa m'moto chifukwa cha anthu amene sakanakhala naye mpando umodzi, ndipo malipiro ake ndi liwu limodzi m'buku: ngozi.

Ndinalembera ku ofesi ya boma yosunga mapepala a asilikali. Ayankha kuti mapepala ambiri anapsa chaka chatha, ndipo a achimwene athu ali m'gulu lomwelo. Moto wawatentha kawiri. Tsono mboni yatsala ndi mzungu yekhayo, ngati ali moyo, ndipo sindikhulupirira kuti pachilumba chonse palibe wokumbukira dzina lake.

Ndinene mosabisa. Mukuopa a Boatwright chifukwa boti lanu limagona padoko lawo. Ngati ndanama ndiuzeni.

Odessa


Philadelphia
2 Disembala 1974

Achimwene,

Masabata asanu ndi awiri osayankha. Ndafunsa a Eulalie ngati munathyoka dzanja, akuti ayi, anakuonani mukusenda mbatata.

Zandikwana, ndiye ndayamba ndekha. Ndalankhula ndi bungwe la asilikali akale akuda la ku Charleston, komanso mtolankhani wa nyuzipepala yathu ya kumeneko. Abwera Loweruka pa 14 kudzajambula manda a a Hosea. Nkhani ikatuluka tione ngati a Boatwright sachita manyazi.

Ndawauza kuti akonzeko pamandapo asanajambule. Mbale zosweka zija, mabotolo, wotchi yakufa ndi zigoba za nkhono aziike kaye pambali. Mwambo ndikuudziwa, sindinabadwire kuno ayi. Koma chithunzicho chikafika m'manja mwa azungu a ku Marlow aziti msilikali wathu tinamuika kudzala. Mukhalepo tsikulo kuti mubwezere zinthuzo akachoka, Amayi asadziwe.

Odessa


Chilumba cha Tansy
20 Novembala 1974

Odessa,

Tili bwino. Wanditcha wamantha, chabwino. Boti limagonadi padoko la a Boatwright, ndipo mpunga umene Amayi amadya umachokera m'boti lomwelo. Iwe ukakalipira mzungu umakwera basi n'kupita. Ine ndimakumana naye Lachitatu.

Koma chimene chanditseka pakamwa si iwowo. Kapu yachitsulo ili pamanda ija iwe umaiyesa ya a Hosea. Ndi ya mzunguyo. Ndi imene anamwetsera a Hosea madzi omaliza, n'chifukwa chake anaitumiza kwa Amayi. Mtembo utabwera mu 1948, ndine ndinaboola pansi pake ndi msomali monga timachitira, ndipo ndinaona kuti m'mbali mwake munakandidwa dzina ndi mudzi wa kwawo. Sindinasunge pamtima, ndinkalira. Mbali imeneyo inamira m'dothi kalekale.

Ukudziwa kuti chimene chaikidwa pamanda ndi cha mwini manda. Sitichotsa, sititembenuza. Ndinakhala chete chifukwa ndimakudziwa, ukanafika kuno ndi fosholo paphewa.

Ndipatse nthawi ndiwanyengerere Amayi. Akalola, tikapempha kwa a Hosea, ndikafukula m'mbali pang'onopang'ono ndi supuni, n'kuwerenga osaisuntha. Usachite kanthu mpaka ndikuuze.

Cleophus

Zowonjezera, 12 Disembala. Kalatayi ndaipeza lero kuseri kwa mpando wa galimoto, ine ndimayesa ndinaponya kale. Yako ya pa 2 Disembala inafika. Sindinaitsegule, ndikudikira tsiku limene mutu sukundipweteka.


Chilumba cha Tansy
16 Disembala 1974

Odessa,

Akulemba ndi a Eulalie koma mawu ndi anga, ndipo ndawauza kuti asafewetse.

Loweruka Cleophus ali pamadzi, kunabwera amuna asanu ndi mmodzi ovala zipewa za usilikali. Anthu aulemu, anandipatsa moni bwino, mmodzi alibe mkono. Ine ndinayesa abwera kudzapemphera pamanda. Ndinawaphikira mpunga wofiira, anadya n'kuwonjezera.

Dzulo potuluka m'tchalitchi ndinapeza manda a mwana wanga ali mbee ngati bwalo la sukulu, pakati atazikapo kambendera. Mbale yake, wotchi imene ndinaimitsa tsiku la telegalamu, zigoba zonse zimene ndakhala ndikutola zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndi kapu. Anakokolera zonse mu wilibala n'kukakhuthula mumtsinje kuseri kwa manda. Akuti anawatuma ndiwe.

Azungu anamutenga mwana wanga, anamubweza m'bokosi, anamukana dzina. Koma kapu yake sanaikhudze. Waikhudza ndiwe. Munthu ukamulanda chake chomaliza sagona, amadzuka kukachifuna. Ine mwana wanga sindimuopa. Chikundiwawa n'chakuti akuyendayenda m'matope ndi kuzizira kuno.

Juzi ya Khirisimasi usatumize. Sindivala.

Mayi wako,
Zenobia Frasier

Ine Eulalie ndikuwonjezera: juziyo tumizani, kukuzizira kwambiri.


Philadelphia
19 Disembala 1974

Achimwene,

Yanu inafika Lolemba. Ndinaiwerengera pamasitepe ndipo ndinakhala pomwepo mpaka aneba anandifunsa ngati kwagwa maliro. Ya Amayi yafika lero.

Ndalakwa. Amuna ajawa ndi a m'tauni, anaona mbale zosweka n'kuyesa akutithandiza. Wodziwa mwambo ndinali ine. Ndinachita manyazi ndi mbale za Amayi pamaso pa azungu, ine amene ndinkakunenani mantha. Dzina limene ndalifuna miyezi itatu ndalitayitsa ndekha mumtsinje.

Komanso inu achimwene! Masabata atatu kalata kuseri kwa mpando, ina osaitsegula podikira mutu. Mukanang'amba envelopu imodzi yokha, imodzi. Mtima ukangotsika pang'ono ndikakumbukira zimenezi umakweranso.

Nkhani yatulukadi m'nyuzipepala, patsamba 11, pansi pa malonda a matayala. Chithunzicho n'chaching'ono ngati sitampa.

Kodi ndibwere? Amayi muwauze kuti ndapepesa, ngati angamve.

Odessa


Chilumba cha Tansy
12 Januwale 1975

Odessa,

Usabwere. Amayi juzi avala, koma akuti chifukwa cha mphepo basi.

Kuyambira pa Khirisimasi ndasiya nkhanu. Madzi akaphwa ndimalowa mumtsinje muja ndi chopalira nkhono, matope m'chiuno, zala zitauma ngati nkhuni. Amayi amandinyamulitsa mpando wawo kufika pagombe kuti azindilozera. Iwo sanaone pamene zinatayidwa, koma izo sizinawaletse kundiuza kuti ndikufuna malo olakwika. Ndavuula nsapato zitatu zosiyana, unyolo wa njinga, botolo limene a dikoni Purvis akukana kuti si lawo, ndi wotchi ija. Pa tsiku la khumi ndi chimodzi chopalira chinagunda chitsulo, kapu ija. Muli kankhanu kakang'ono mkati, katayamba kale kukhalamo.

Ndinaima nayo m'manja osadziwa chochita. Amayi anati poti yachoka kale pamanda ndi manja a eni, ndiitsuke ndi madzi a mumtsinje momwemo, ndiwerenge kamodzi, basi. Ndinawerenga kamodzi koma mokweza, a Eulalie akulemba. Palembedwa: W. Lindqvist, Norby, Minnesota.

Usapemphe kuti ndikutumizire kapuyo. Tinaibwezera tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ndi wotchi yomwe. Amayi anagwada ndi maondo awo omwewo, anaiika chozondoka n'kunena kuti, "Pepa mwanawe, gona. Ndi mlongo wako, ukumudziwa."

Dzina ndi limenelo. Ine chimfine chandigwira, ndipo ndikayetsemula ndimatchula iwe.

Cleophus


Philadelphia
3 Febuluwale 1975

Achimwene,

Chimfinecho mumwere tiyi wa mandimu, musangodandaula. Moni kwa Amayi.

Mzungu uja ali moyo. Ndinapita ku laibulale nditaweruka, ndinapeza nambala yawo m'buku la mafoni, ndinaimba. Ndi aphunzitsi opuma ntchito, a Warren Lindqvist. Nditatchula dzina la Frasier anandifotokozera zonse.

Akuti m'matenti aja munali anthu makumi atatu ndi mmodzi. Iwo anali mkulu wa asilikali, koma tsikulo anali gone ndi bala lamwendo, sakanatha kuthawa. Anaona ndi maso awo oyendetsa ena akuthawa, a Hosea okha akuthamangira ku lole. Itaphulika inali itafika kale kutsidya kwa munda. A Hosea anawatola m'ngalande atapsa thupi lonse, n'kukawagoneka ku tenti ya akuda, kumapeto kwenikweni. A Lindqvist anakwawa kupita kumeneko ndi kapu yawo. Achimwene athu anakhala moyo masiku awiri, ndipo ankangofunsa ngati moto unafika kumatenti.

Akuti analemba kawiri kupempha kuti apatsidwe mendulo, ndipo kawiri konse pepala linabwerera. Ndinawafunsa kuti, nanga zaka makumi atatu zonsezi munali kuti, bambo? Analira pafoni. Ine sindinawatonthoze.

Atumiza kalata yolumbira, yosainidwa ndi iwo ndi anzawo awiri amene anali m'matenti momwemo. Ndi imene ndaikamoyi. Mupite nayo kwa a Boatwright pamanja. Osati kuseri kwa mpando, pamanja. Kwatsala masabata osakwana anayi.

Odessa


Chilumba cha Tansy
26 Febuluwale 1975

Odessa,

Tili bwino. Ndinapereka pamanja. A Boatwright anaiwerenga kawiri, anaitembenuza kuona kumbuyo ngati kuli china chowapulumutsa, kenaka anati komiti ikhala pansi. Yakhala masabata awiri. Lero andiuza kuti dzina lilowa, ndipo alola mayina enanso anayi a anthu athu amene ankawazengereza.

Ndiye anati mayina asanuwo awaika pansi penipeni, paokha, kuti mabanja asavutike powafuna. Ndinavula chipewa n'kuwauza kuti ife kuwerenga timatha, F timadziwa pamene amakhala, ndipo ngati kukhale mzere wa akuda, mlongo wanga wa ku Philadelphia ali ndi adiresi ya mtolankhani ndi ya azungu atatu a ku Minnesota. Sindinawauze za tsamba 11.

Dzina lilowa pa F. Boti langa alisamutsira kumapeto kwa doko, kumene madzi akaphwa limakhala pamatope.

Wamantha wako,
Cleophus


Philadelphia
29 Meyi 1975

Achimwene,

Sindifunsa za moyo wanu, chifukwa a Eulalie andiuza kuti nonse muli bwino. Ndiye palibe chodzikhululukira nacho.

Ndinasinthana masiku ndi mnzanga kuntchito. Ndinakhala m'basi mpaka msana kuuma. Ndinafika pakhoti m'mawa, ndinakangana ndi mayi wina wa chipewa chachikulu mpaka ndinapeza mipando iwiri kutsogolo kwenikweni. Pa wa Amayi ndinaikapo chikwama changa. Anthu atatu anandipempha mpandowo, ndinawakaniza kuti mwini wake ali m'njira.

Anaimba malipenga, a Boatwright analankhula za ufulu mpaka ana anayamba kugona. Kenaka anachotsa nsalu n'kuyamba kuwerenga mayina. Atafika pa Hosea Frasier, bambo wopanda mkono uja wa ku Charleston anaimirira yekha pakati pa anthu n'kuchita sailuti ndi dzanja lotsalalo. Ndinalira ngati mwana. Ndinatembenuka kuti ndigwire dzanja la Amayi, ndinagwira chikwama.

Miyezi isanu ndi inayi, achimwene. Zonsezi ndinkachitira iwowo. Ngati akundilangabe chifukwa cha kapu, akananena, ndikanamva. Mlatho wa kuchilumba sindinawoloke dala, chifukwa ndikanalankhula mawu oti a Eulalie sakanalola kuwalemba. Ndinakwera basi ya madzulo omwewo.

Mundiuze chifukwa chake. Ndipo kalata iyi muitsegule lero, mutu uziwawa usawawe.

Odessa


Chilumba cha Tansy
15 Juni 1975

Odessa mlongo wanga,

Ndinaitsegula tsiku lomwelo, ndipo mutu unayamba nditamaliza.

Tsiku lija ndinavala suti, galimoto ndinatsuka. Amayi anavala diresi loyera ndi chipewa, anafika pakhonde, n'kukhala pansi. Ndinawachonderera mpaka nthawi inadutsa. Si za kapu ayi. Anandiuza chinthu chimene ngakhale ine sindinkachidziwa. Mu 1947, potsegulira chikwangwani choyamba chija, anawoloka okha pa bwato atavala zoyera, telegalamu ili m'chikwama. Palibe anawauza kuti ndi cha azungu okha. Anaima kutsidya kwa msewu kumvetsera mayina. F anadutsa, iwo anati mwina akubwera kumapeto. Anadikira mpaka dzina lomaliza, mpaka anthu anayamba kupinda mipando, mpaka wapolisi anawauza kuti asunthe akutchinga njira. Anabwerera osauza munthu. Ndiye pakhonde paja anati, "Pakhoti paja ndinadikirapo kale. Kawiri sindingathe."

Lachitatu lotsatira ndikukweza nkhanu m'galimoto, ndinawapeza atakhala kale kutsogolo, chikwama pamiyendo. Pakhoti panalibe munthu, koma wosesa yekha. Anandiuza kuti ndiwaike chala padzinalo. Anapapasa chilembo chilichonse mpaka kumapeto, n'kubwereranso. Kenaka anati ndiwerenge la pamwamba ndi la pansi. Ndinawerenga: Fenwick, Frasier, Fuller. Anafunsa ngati awiriwo ndi azungu. Ndinati inde. Anati, "Ndiye akhale pomwepo pakati pawo. Tione amene amuuze kuti asunthe."

Atatero anatulutsa chigoba choyera m'chikwama n'kuchiika patsinde pa chipilala. Ndinawauza kuti awa si manda, ndipo wosesa achichotsa mawa. Anati akuzidziwa, zigoba kunyanja sizinathe.

Wosesa anachotsadi. Ndiye taona ntchito imene wandipezera. Lachitatu lililonse ndimanyamula nkhanu za a Boatwright ndi chigoba chimodzi cha Amayi, ndimagwada pakhoti anthu akundiyang'ana, munthu wa zaka 49. Wosesayo tsopano amandipatsa moni ngati anzake a ntchito.

Dzulo ndinapeza chigoba china pawindo la chipinda chako, chachikulu kuposa zonse, chotsukidwa bwino. Nditafuna kuchitenga anandimenya dzanja. Akuti chimenecho ndi cha Odessa, akaike yekha, ndipo akuti ndikuuze kuti iwo ali ndi zaka 78, usachite kudikira Khirisimasi.

Undiuze tsiku la basi. Ndikakudikira ku Marlow.

Ndine mchimwene wako,
Cleophus